Agogo a eni m'manja mwa ana athu: malamulo a nyumba za okalamba ku Mangalande ndi pomwe amathera mphamvu

Mabanja ambiri ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe ali ndi mwana, mchemwali kapena mlamu amene adakwera ndege pakati pa 2022 ndi 2025 kupita ku Britain kukagwira "ntchito ya keya". Ife otsala kuno timangomva kuti amasamalira nkhalamba, kenako timadikira ndalama mwezi ukatha. Zomwe sitimva kawirikawiri n'zakuti kusambitsa gogo kumeneko, kumudyetsa, kumutembenuza pabedi, ngakhale kutseka chitseko cha chipinda chake usiku, zonsezi zili ndi lamulo lake. Ndipo malamulo ambiri mwa amenewa adalembedwa anthu atafa kale.

Tisanapite patali, tichotse kaye maganizo akuti anthu a kumeneko amataya makolo awo. Ena amatero, monga kulinso ena kwathu kuno. Koma ambiri mwa okhala m'nyumba za okalamba ndi a zaka za m'ma 80 ndi 90, ndipo pafupifupi anthu 7 mwa 10 aliwonse ali ndi dimenshiya kapena vuto lalikulu la kuiwala. Munthu wotere akhoza kudzuka pakati pa usiku n'kutuluka panja kukuzizira koopsa, akuti akupita kukatenga ana kusukulu, pomwe anawo ali ndi zidzukulu zawo. Akhoza kuyatsa chitofu n'kuiwala. Mwana wake, amene mwina nayenso ali ndi zaka 65 ndipo akudwala, sangathe kumulondera usana ndi usiku. Nyumbazi zili mitundu iwiri. Ina imathandiza pa zosamba, zovala, zakudya ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku. Ina, ya odwala kwambiri, imayenera kukhala ndi namwino wovomerezeka nthawi zonse. Zambiri mwa izo si za boma, ndi za makampani ofuna phindu kapena mabungwe achifundo. Boma limangoika malire ndi kutumiza oyendera.

Usiku wa ku Rosepark

Mbandakucha wa pa 31 Januwale 2004, moto udabuka m'kabati ina m'nyumba ya okalamba ya Rosepark ku Uddingston, pafupi ndi Glasgow ku Scotland. Udayamba chifukwa cha vuto la mawaya a magetsi. Motowo sudali waukulu kwenikweni, koma utsi udadzaza mpita wa pakati pa zipinda, n'kulowa m'zipinda zomwe zitseko zake zidali zotsekula. Okalamba 14 adafa. Kafukufuku wa khoti amene zotsatira zake zidatuluka mu 2011 adapeza kuti ogwira ntchito adataya mphindi 9 asanaimbire ozimitsa moto, chifukwa chizolowezi cha pamalopo chidali chakuti belu likalira, ayambe afufuza kaye komwe kuli moto. Sadaphunzitsidwe mokwanira, ndipo zipangizo zomwe zimakoka zitseko kuti zizidzitsekera zokha zidali zitachotsedwa pazipinda zina.

Taganizirani za zitseko zimenezo. Amene adazisiya zotsekula sadali munthu woipa mtima. Agogo ambiri amaopa kugona chitseko chili chotseka, ndipo wolondera usiku amafuna azimva wina akabuula. Chifundo chomwecho ndicho chidatsekulira utsi njira. N'chifukwa chake masiku ano zitseko zambiri m'nyumbazi zimagwiridwa ndi kachipangizo kamene kamazimasula zokha belu la moto likalira. Scotland idalamula kuyambira mu 2005 kuti nyumba zatsopano za okalamba zizikhala ndi mipope yakudenga yowaza madzi moto ukabuka. England idachedwa kwambiri: lamulo lotere la nyumba zonse zatsopano lidayamba kugwira ntchito mu Malichi 2025, patatha zaka 21 chichitikireni za ku Rosepark, ndipo nyumba zakale silikuzikakamiza.

Amene amayendera

Dera lililonse la Britain lili ndi bungwe lake loyendera. Ku Scotland kuli Care Inspectorate, ku Wales kuli Care Inspectorate Wales, ku Northern Ireland kuli RQIA. Ku England, komwe abale athu ambiri ali, kuli Care Quality Commission, yomwe aliyense amangoitchula kuti CQC. Idayamba ntchito mu Epulo 2009 ataphatikiza mabungwe atatu akale. Palibe amene angatsegule nyumba ya okalamba popanda kulembetsa ku CQC, ndipo nyumba iliyonse imayenera kukhala ndi manijala wolembetsedwa, amene dzina lake limadziwika ndipo ndi iye amayankha zinthu zikalakwika.

Poyamba bungweli lidakhumudwitsa anthu kwambiri. Nkhani yomwe idaulula kufooka kwake ndi ya Orchid View, nyumba ya ku Copthorne m'chigawo cha West Sussex, yomwe idatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya Southern Cross. Idali nyumba yatsopano, yooneka bwino kunja, ndipo kumayambiriro kwa 2010 oyendera adailemba kuti ndi yabwino. M'kati mwake okalamba ankasiyidwa m'zovala zonyowa, ali ndi ludzu, mabelu oitanira thandizo osayankhidwa kapena ali kutali ndi dzanja. Mayi wina adapatsidwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi a warfarin opitirira muyezo, ndipo mapepala osonyeza zimenezo adaonongedwa dala. Amene adaulula sadali woyendera, adali wogwira ntchito mu ofesi ya nyumbayo, amene adalimba mtima n'kuimbira apolisi. Nyumbayo idatsekedwa mu 2011. Mu 2013 wofufuza za imfa, Penelope Schofield, ataunika imfa za anthu 19, adagamula kuti kusasamala kudathandizira pa imfa za anthu 5.

Chaka chomwecho cha 2013 kudatulukanso lipoti la Robert Francis lonena za nkhanza ndi kulekerera odwala pachipatala cha Stafford. Manyazi a nkhani zimenezi ndiwo adabala malamulo a 2014, amene adayamba kugwira ntchito mu Epulo 2015, okhazikitsa mlingo umene chisamaliro sichiyenera kutsika kupitirira pamenepo. Oyendera tsopano amafunsa mafunso asanu pa nyumba iliyonse: kodi anthu ndi otetezeka, kodi chisamalirocho chikupindula, kodi ogwira ntchito ndi achifundo, kodi amamva zosowa za munthu aliyense payekha, ndipo kodi utsogoleri ukuyenda bwino. Akatha amapereka chimodzi mwa zigamulo zinayi: Outstanding kwa yopambana, Good kwa yabwino, Requires improvement kwa yofunika kukonza zina, ndi Inadequate kwa yolephereratu. Lamulo limakakamiza mwini nyumba kupachika chigamulocho poonekera ndi kuchiika pa tsamba lake la pa intaneti, ngakhale chikhale chochititsa manyazi. CQC ikhoza kuchenjeza, kuletsa nyumba kulandira anthu atsopano, kuilanda chilolezo, kapena kutengera mwini wake kukhoti ngati munthu wavulala pa zinthu zomwe zikadapeweka.

Mwa malamulo onsewo, limene ine limandigwira mtima ndi la nambala 20, lonena za kunena zoona. Gogo akavulala kwambiri chifukwa cha kulakwitsa kwa nyumbayo, eni ake ayenera kuuza iye kapena abale ake mwamsanga, kufotokoza zomwe zachitika, kupepesa, ndi kulemba zonsezo m'kalata. Aliyense amene adadikirirapo wodwala m'chipatala, n'kumva anthu akunong'onezana pambali koma osamuuza kanthu, akudziwa kulemera kwa lamulo limeneli.

Pomwe lamulo limakumana ndi khungu la munthu

Zazikulu zimachitikira m'tinthu ting'onoting'ono, ndipo apa ndi pomwe ana athu amakhala tsiku lonse.

Khungu la munthu wokalamba ndi lopyapyala. Akagonera mbali imodzi kwa maola angapo, magazi amasiya kufika bwino pamatako, m'chiuno ndi pazidendene, ndipo pamayamba kufiira. Pakapanda womutembenuza, pamaphulika chilonda chomwe chimatha kudya mpaka pafupa n'kupha. Kwa munthu wakhungu lakuda kufiirako sikuoneka msanga, ndiye pamafunika kukhudza ndi dzanja kuti umve ngati patentha kapena pauma gwa. Choncho munthu wosatha kudzitembenuza yekha amakhala ndi ndondomeko yake ya maola omutembenuzira, ndipo aliyense womutembenuza amalemba nthawi ndi mbali yomwe wamugoneka. Madzi akumwa nawonso amalembedwa, kapu ndi kapu, chifukwa wokalamba samva ludzu msanga, ndipo thupi likauma amayamba kusokonezeka mutu, kugwa ndi kudwala matenda a m'njira ya mkodzo. Amene adadwala sitiroko kapena dimenshiya yafika patali nthawi zambiri amavutika kumeza. Tiyi wamba akhoza kulowera kumapapo. Katswiri amayeza n'kulemba kuti uyu zakumwa zake zizikhala zolimba motani ndipo chakudya chake chizikhala chofewa motani, ndipo wantchito watsopano amene sadawerenge pepalalo akhoza kupha munthu ndi chidutswa cha buledi choperekedwa mwachikondi.

Madzi osamba m'bafa sayenera kupitirira madigiri 44, chifukwa munthu wa dimenshiya akhoza kupsa osakuwa. Mawindo a zipinda zam'mwamba amaikidwa chotchingira kuti asatseguke kupitirira masentimita 10. Zitsulo za m'mbali mwa bedi, zomwe munthu angaganize kuti n'zoteteza basi, zapha anthu amene khosi kapena chifuwa chidapanikizika pampata, motero siziikidwa popanda kuunika kaye. Mankhwala aliwonse ali ndi pepala lake losainira, ndipo kabokosi kosasainidwa ndi funso lomwe wina ayenera kuyankha. Kunyamula munthu wosayenda kumachitika ndi makina onyamulira, ndipo ndondomeko ya anthu ambiri imati pakhale antchito awiri.

Pa antchito awiri amenewa ndi pomwe pali bala lenileni. Lamulo la nambala 18 limati nyumba ikhale ndi antchito okwanira, odziwa ntchito. Koma ku England silitchula chiwerengero. Silinena kuti wantchito mmodzi asamalire anthu angati masana kapena usiku. Mwini nyumba ndiye amawerengera yekha. Ndiye taonani mtsikana wathu ali yekha pansanjika yonse 3 koloko usiku, mnzake waitanidwa pansi. Gogo wina wadziipitsira ndipo akulira, koma pepala lake likuti anyamulidwe ndi anthu awiri. Akadikira, gogoyo agona m'zonyansa. Akamunyamula yekha n'kumugwetsa, mlandu ndi wake, ndipo siginecha yomwe ili papepala ndi yake. Kuchepa kwa antchito kudagamulidwa mu ofesi masana, koma amene amakusenza ndi wa usiku.

Ndalama

Anthu ambiri kwathu amaganiza kuti ku Britain zonse za umoyo n'zaulere. Chipatala cha boma cha NHS n'chaulere, koma kukhala m'nyumba ya okalamba, kwa anthu ambiri, si kwaulere. Ku England munthu amene chuma chake chikuposa mapaundi 23,250 amalipira yekha zonse, ndipo nthawi zambiri nyumba yake imawerengeredwa momwemo, moti ambiri amagulitsa nyumba yomwe adaivutikira moyo wonse. Malire amenewa sadasinthe kuyambira 2010. Amene alibe amalipiriridwa ndi khonsolo ya dera lawo, koma makhonsolo amalipira zochepa. Mu 2017 bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda lidapeza kuti olipira okha amalipitsidwa pafupifupi 41 peresenti kuposa zomwe khonsolo imalipira m'nyumba yomweyo. Boma lidalonjeza kuika malire a mapaundi 86,000 pa ndalama zomwe munthu angalipire pa chisamaliro moyo wake wonse, koma mu Julayi 2024 ndondomekoyi idathetsedwa isanayambe n'komwe.

Gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera nyumba yotere limapita ku malipiro. Mwini wake akafuna kupulumutsa ndalama, poyamba kudula ndi pa anthu. Southern Cross ija, mwini wa Orchid View, idali kampani yaikulu kuposa zonse, ya nyumba pafupifupi 750 ndi okhalamo 31,000. Nyumba zake zambiri zidali zogulitsidwa kwa ena, iyo n'kumazichitanso lendi, ndipo lendiyo itakwera pomwe ndalama zolowa zikuchepa, kampaniyo idagwa mu 2011. Nkhalamba zidasanduka ngati katundu wokambirana pakati pa eni nyumba ndi obwereketsa ndalama.

Pali mbali ina imene imadabwitsa ambiri obwera kuchokera kwathu. Ife tidazolowera kuti gogo akayamba kusokonezeka, banja limagamula ndipo nkhani yatha. Kumeneko lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limati munthu aliyense aziyesedwa kuti akhoza kudzisankhira mpaka patapezeka umboni wakuti sangathe pa nkhani imeneyo, ndipo kusankha mopanda nzeru pakokha si umboni. Gogo wa matenda a shuga amene mutu wake ukuyenda bwino akafuna keke, ungamulangize koma sungamulande. Kumutsekera munthu kuti asatuluke, ngakhale pomuteteza, kumafuna chilolezo cha khonsolo. Khoti lalikulu litagamula mu 2014 mlandu wa Cheshire West, wokhudza tanthauzo la kumutsekera munthu, zopempha zilolezozi zidachuluka kwambiri moti makhonsolo ambiri adatsalira m'mbuyo ndi miyezi. Komabe mfundo yake ndi yoyenera kuilingalira, makamaka kwa ife amene tikukumbukira kuti ku Neno mu Januwale 2016 okalamba 4 adaphedwa powaganizira ufiti, ndipo dziko lathu lidapeza lamulo lapadera loteteza achikulire mu 2024. Gogo woyankhula zosamveka ndi kuyenda usiku, amene kwina amamulembera ndondomeko ya chisamaliro, kwathu kuno akhoza kugendedwa.

Mliri wa Covid-19 udaonetsa kuti boma lenilenilo likhoza kuphwanya chitetezo chomwe limalalikira. Pakati pa mwezi wa Malichi ndi pakati pa Epulo 2020, odwala pafupifupi 25,000 adatulutsidwa m'zipatala za ku England kupita m'nyumba za okalamba, pa nthawi yomwe kuwayeza onse kudali kusanalamulidwe. Mu Epulo 2022 khoti la High Court lidagamula kuti ndondomeko imeneyo idali yosemphana ndi malamulo chifukwa sidaganizire zoti munthu wosaonetsa zizindikiro akhoza kupatsira ena. Kenako zitseko zidatsekedwa kwa miyezi yambiri, ndipo agogo ambiri adamwalira osagwiranso dzanja la mwana wawo. Kuyambira mu Epulo 2024, kulola alendo kudzaona abale awo kudalowa m'gulu la malamulo omwe CQC imayendera.

Nanga woyendera akagona?

Mu Julayi 2024 kafukufuku wotsogoleredwa ndi Penny Dash adapeza kuti CQC yeniyeniyo idali itafooka. Maulendo oyendera adatsika ndi theka ndi kupitirira poyerekeza ndi mliri usanabwere. Pafupifupi malo amodzi mwa asanu aliwonse amene bungweli lili ndi mphamvu zowayendera adali asanalandirepo chigamulo, ndipo zigamulo zina zidali za zaka zambiri zapitazo. Nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, Wes Streeting, idanena poyera kuti bungweli silikukwanitsa ntchito yake. Kutanthauza kuti chikwangwani cha Good pakhomo chikhoza kukhala cha nthawi ya manijala wina ndi antchito ena amene onse adachoka kalekale. Amene akufunira kholo lake malo aziyang'ana deti la lipoti, aziwerenga gawo la chitetezo ndi la utsogoleri, ndipo azipita yekha madzulo kapena Lamlungu, osati pa tsiku lomwe wakonzeredwa tiyi.

Ngakhale bungwe litakhala lamphamvu chotani, woyendera amabwera tsiku limodzi kapena awiri n'kupita. Maso amene amakhalapo usiku uliwonse ndi a wantchito. Ku Orchid View adapulumutsa otsala ndi wantchito. Ndipo apa ndi pomwe nkhaniyi imatikhudza ife mwachindunji.

Mu Febuluwale 2022, pomwe malo antchito oposa 160,000 adali opanda anthu m'gawo la chisamaliro ku England, boma lidatsegula viza ya Health and Care Worker kwa osamalira anthu ochokera kunja. Adakhamukirako ambiri ochokera ku India, Nigeria ndi Zimbabwe, ndipo athu nawonso adapita. Koma viza imeneyi ndi yomangidwa kwa bwana amene adakuitana. Ntchito ikatha, kapena bwanayo akalandidwa chilolezo, kawirikawiri umapatsidwa masiku 60 kuti upeze wina, apo ayi ubwerere kwanu. Ambiri adapita atagulitsa malo kapena kutenga katapila kuti alipire madobadoba, ngakhale malamulo a ku Britain amaletsa makampani opezera anthu ntchito kulipiritsa wofuna ntchitoyo. Pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024 boma lidalanda zilolezo zoposa 470 m'gawo limeneli, zomwe zidakhudza antchito oposa 39,000. Kuyambira pa 11 Malichi 2024 obwera kumene adaletsedwa kutenga mabanja awo, ndipo pa 22 Julayi 2025 khomo lolembera osamalira anthu kuchokera kunja lidatsekedwa. Amene akukuuzani lero kuti akupezerani ntchito ya keya muli ku Lilongwe, mukhale naye tcheru kwambiri.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mwana amene adaleredwa ndi agogo ake ku Dedza kapena ku Chipata amaona msanga zomwe ena adazizolowera: kapu ya madzi yoikidwa patali ndi dzanja, mbale yochotsedwa isanakhudzidwe, pepala lotembenuzira lomwe lasainidwa maola onse a usiku nthawi imodzi m'mawa. Koma munthu amene viza yake, lendi yake ndi fizi ya ana ake kumudzi zonse zili m'manja mwa manijala yemweyo, angatsegule pakamwa bwanji? Ine ndimaona kuti ichi ndicho chibowo chachikulu m'malamulo onsewa. Adalemba bwino za kutentha kwa madzi ndi kukula kwa mpata wa windo, koma mboni yaikulu ya zonsezo adaimangirira kwa munthu amene iyenera kumuneneza.

Njira zilipo ndithu, ndipo wantchito aliyense ayenera kuzidziwa tsoka lisanagwe. Lamulo la Public Interest Disclosure Act la 1998 limateteza wogwira ntchito amene waulula zoopsa kuti asachotsedwe kapena kuzunzidwa chifukwa cha zimenezo, ndipo silisankha mtundu. CQC imalandira madandaulo a antchito ngakhale osatchula dzina. Khonsolo iliyonse, malinga ndi gawo 42 la Care Act ya 2014, ili ndi udindo wofufuza ikamva kuti munthu wamkulu wosatha kudziteteza akuzunzidwa kapena kulekereredwa, ndipo aliyense akhoza kuiimbira popanda kupempha chilolezo kwa bwana. Mabungwe a antchito monga Unison amalandira osamalira anthu ochokera kunja, koma thandizo lawo la zamalamulo nthawi zambiri silikhudza vuto lomwe lidayamba munthu asanalowe, choncho kulowa kumafunika kukadali bata. Ndipo ukauza manijala kuti usiku wathawu udali wekha ndi anthu ofunika onyamula awiri, usangonena pakamwa. Lemba uthenga wokhala ndi deti ndi nthawi, osatchula mayina a okalambawo, ndipo usunge kope lako.